Mzinda wa Maina Anai: Mbiri ya Lourenço Marques, Umene Tsopano ndi Maputo

Pa mapu akale a m'sukulu, amene anasindikizidwa cisanafike caka ca 1976, kunsi kweni kweni kwa dziko la Mozambique, m'mbali mwa nyanja yamcere ya India, pali kadontho kolembedwa Lourenço Marques. Pa mapu atsopano kadontho komweko kalembedwa Maputo. Mwana wa sukulu akaona mapu awiriwa amafunsa ngati imeneyi ndi mizinda iwiri, ndipo akauzidwa kuti ndi umodzi, amafunsanso cifukwa cace dzina linasinthika. Yankho lacidule ndi lakuti Apwitikizi anacoka, ndipo eni dziko anafafaniza dzina la Mpwitikizi. Yankho ili ndi loona, koma silikwanira ai, pakuti dzina limene linalowa m'malo mwace silinali dzina lakale la malowo. Pakamwa pa anthu panali maina ena awiri, KaMpfumo ndi Xilunguine, koma silinatengedwe ngakhale limodzi. Dzina liri lonse mwa anaiwa linali ndi eni ace, ndipo liri lonse linali kunena kuti dzikolo ndi la yani. Mbiri ya mzindawu ndiyo mbiri ya mkangano umenewo.

ENI DZIKO

Kumalo kumeneko nyanja yamcere yalowa m'kati mwa mtunda nipanga thamanda lalikulu, limene amalinyero a Cingerezi analizolowera ndi dzina lakuti Delagoa Bay. Mitsinje ingapo imathira m'menemo: Incomati wocokera kumpoto, Maputo wocokera kumwera, ndi ina ya kumadzulo, monga Tembe, Umbeluzi ndi Matola, imene imakomana nilowa m'nyanja ndi khomo limodzi lakuya. Kum'mawa kuli cisumbu ca Inhaca, cimene cimachinga mafunde akulu. Cifukwa ca ici zombo zimakoceza pamenepo mwamtendere, ndipo pa gombe lonse la cigawo cimeneci ca Afrika madooko olingana nalo ndi owerengeka.

Anthu a kumeneko ndiwo Aronga, abale ao a Atsonga. Iwo anali kulima, kuweta ng'ombe, kupha nsomba ndi kusaka njobvu, ndipo anali ndi mafumu ao. Kumwera kwa khomo la mitsinje lija kunali dziko la Tembe, pa cisumbu ndi mtunda woyandikana naco panali dziko la Nyaka, ndipo kumpoto kwa khomolo, pamalo peni peni pamene mzinda uli lero, panali dziko la Mpfumo. M'Cironga kamau kakuti "ka" kamagwira nchito yomweyo imene "kwa" amagwira m'Cinyanja. Motero KaMpfumo ndiko kunena kuti kwa Mpfumo, monga momwe Acewa amanenera kuti kwa Undi kapena kwa Kawaza. Ili ndilo dzina loyamba, ndipo linali kunena poyera kuti nthakayo ndi ya mfumu ndi mbumba yace.

MUNTHU WA MALONDA A MINYANGA

Vasco da Gama anapita pa gombe limeneli mu 1498 ali pa ulendo wace wa ku India. Pambuyo pace Apwitikizi anamanga malinga ku Sofala mu 1505 ndi pa cisumbu ca Mozambique mu 1507, kutali kumpoto, cifukwa mitima yao inali pa golide wa m'dziko la Mwenemutapa. Mu 1544 mkulu wa linga la Mozambique anatuma munthu wina wamalonda, wodziwa kuyendetsa zombo, dzina lace Lourenço Marques, kuti akazonde gombe la kumwera. Iyeyu analowa m'thamanda lija, nayendera mitsinje yace, napeza kuti minyanga ya njobvu inali yocuruka, ndi kuti eni ace anali kuigulitsa ndi nsalu ndi mikanda. Mbiri itafika ku Lisbon, Mfumu João III inalamula kuti nyanjayo ichedwe ndi dzina la munthuyo.

Lourenço Marques sanamange mzinda kapena linga. Dzina lace linalembedwa pa mapu a ku Ulaya, koma pamtunda panalibe cosinthika. Kwa zaka zoposa 150 combo ca Apwitikizi cinali kubwera monga kamodzi pa caka, amalonda namanga misasa pa kacisumbu ka pafupi ndi Inhaca, napereka mitulo kwa mafumu, nagula minyanga, nabwerera mphepo ikatembenuka. Mphamvu yeni yeni inali m'manja mwa yani cinaoneka mu 1552, pamene combo cacikulu ca São João cinasweka kumwera, pa gombe la Natal. Opulumuka anayenda pansi miyezi ingapo kufikira anafika kwa Nyaka, amene anawalandira bwino nawalangiza kuti adikire combo pomwepo. Iwo anakana, napitirira ulendo, ndipo m'dziko la mfumu ina analandidwa zida ndi zobvala. Ambiri anafera m'chire, ndipo owerengeka okha ndiwo anafika ku Mozambique.

MALINGA OSAKHALITSA

Oyamba kumanga linga pamenepo sanali Apwitikizi. Mu 1721 kampani ya malonda ya ku Holland, imene inali kulamula ku Cape Town, inatumiza anthu ace kudzafuna njira ya ku golide, ndipo iwo anamanga linga nalicha Lijdzaamheid, ndiko kunena kuti kupirira. Dzinalo linawayenera ndithu, pakuti caka cotsatira acifwamba a panyanja analifunkha, malungo anapha anthu ambiri, ndipo golideyo sanampeze. Mu 1730 anapasula lingalo nacoka. Mu 1777 kunafika William Bolts, wotumidwa ndi kampani ya ku Austria, nayamba malonda a minyanga, koma mu 1781 Apwitikizi ocokera ku Goa anapitikitsa anthu ace. Akale anati mlendo ndi mame, ndipo alendo amenewa anakamukadi msanga.

Poopa kuti mtundu wina ungawalandenso malowo, Apwitikizi anaikapo asilikari ao kuyambira 1782. Ici ndico ciyambi ceni ceni ca mzinda wa lero, patapita zaka 238 cifikire Lourenço Marques. Koma linga lao linali lofooka. Afalansa analiononga mu 1796, ndipo pamene Apwitikizi anabwerera patapita zaka zowerengeka, anakhala pa kamtunda ka mcenga kozingidwa ndi madambo odzala udzudzu. Anali kugula minyanga, ndipo m'zaka za m'ma 1820 anali kugulitsanso akapolo kwa eni zombo za kutsidya la nyanja. Mu 1833 ankhondo a Dingane, mfumu ya Azulu, anathira lingalo nkhondo, nagwira bwanamkubwa wace, Dionísio Ribeiro, namupha. Mu 1838 Louis Tregardt, mmodzi wa atsogoleri a Mabunu othawa ulamuliro wa Angerezi ku Cape, anafika ndi ngolo zace atayenda ulendo wautali, koma caka comweco malungo anapha iye, mkazi wace ndi ambiri a m'gulu lace.

Aronga anapatsa kamudzi ka pamcengako dzina lao lao. M'cinenero cao mzungu amachedwa "mulungu", mau amene asasokonezedwe ndi dzina la Mlengi m'Cinyanja, ndipo Xilunguine ndiko kunena kuti kumalo kwa azungu. Ili ndilo dzina lina la pakamwa pa anthu, ndipo linali kusonyeza mmene eni dziko anali kuonera malowo: kadera kakang'ono ka alendo m'kati mwa dziko la Mpfumo.

MLANDU WOWERUZIDWA KU PARIS

Angerezi naonso analilakalaka dookolo. Mu 1823 Kaputeni William Owen, amene anatumidwa kudzayesa gombe ndi kujambula mapu, anapangana mapangano ndi mafumu a Tembe ndi Maputo, nati maiko ao alowa pansi pa mbendera ya Britain. Iye atangocoka, Apwitikizi anapita kwa mafumu omwewo ndi mapepala ao, nanena kuti mafumuwo ali pansi pa Portugal. Mkanganowo unagona zaka zambiri, koma unadzukanso pamene Angerezi anakweza mbendera yao pa Inhaca mu 1861, ndi pamene Mabunu a ku Transvaal, amene analibe gombe, ananena mu 1868 kuti dziko lao lifika kunyanja.

Mu 1872 Britain ndi Portugal anabvomerezana kutula mlanduwo kwa Prezidenti wa France. Pa 24 July 1875 Prezidenti MacMahon anagamula kuti nyanjayo ndi maiko a kumwera kwace ndi za Portugal. Pa bwalo limenelo sipanaitanidwe Tembe, kapena Nyaka, kapena Mpfumo. Mlandu wa munda unaweruzidwa mwini munda palibe, ndipo umboni waukulu unali mapu ndi makalata akale, mmene dzina la Lourenço Marques linalembedwa kuyambira masiku a João III. Apa ndi pamene dzina la papepala linasanduka mphamvu.

Boma la ku Lisbon linayamba tsono kusamala malo amene linawanyalanyaza zaka mazana atatu. Mu 1876 linakweza kamudziko kukhala tauni, mu 1877 linatumiza amisiri otsogozedwa ndi Joaquim José Machado kudzaphwetsa madambo, ndipo pa 10 November 1887 Lourenço Marques anachedwa mzinda.

GOLIDE, NJANJI NDI NKHONDO

Cimene cinakuza mzindawo sicinacokere ku Portugal koma ku Transvaal. Mu 1886 golide anapezeka ku Witwatersrand, ndipo mzinda wa Johannesburg, umene anthu a kuno amaucha Joni, unamera ngati bowa. Dooko la pafupi koposa ndi migodiyo linali Lourenço Marques. Paul Kruger, Prezidenti wa Mabunu, anafunitsitsa njanji yofika kunyanja yosadzera m'dziko la Angerezi. Cilolezo comanga njanji ya mbali ya Apwitikizi cinapatsidwa mu 1883 kwa Edward McMurdo wa ku America, koma njanji yace inalekeza isanafike m'malire, ndipo mu 1889 boma la Apwitikizi linailanda niimariza lokha. Mu 1895 njanji yonse yofika ku Pretoria inatsegulidwa. Pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu njira imeneyi inachuka kwambiri. Winston Churchill anathawira pa iyo mu December 1899 atazemba m'ndende ya ku Pretoria, ndipo Kruger mwini anadzera pomwepo mu 1900 pakupita ku Ulaya, kumene anakafera.

Eni dziko sanangoyang'ana. Apwitikizi anakweza msonkho wa nyumba nayamba kulowerera m'milandu ya ufumu, ndipo mu October 1894 mafumu awiri a Aronga, Mahazule wa kwa Magaia ndi Nwamatibyane wa mbumba ya Mpfumo, anathira nkhondo mzindawo, kotero kuti azungu anadzitsekera m'kati mwa mipanda. Boma la ku Lisbon linatumiza António Enes ndi asilikari ambiri, ndipo pa 2 February 1895 Aronga anagonjetsedwa ku Marracuene, m'mbali mwa Incomati. Mafumuwo anathawira kwa Ngungunyane, mfumu yaikulu ya dziko la Gaza, mdzukulu wa Soshangane, yemwe uja anacoka ku Zululand nthawi imodzi ndi Zwangendaba wa Angoni. Ngungunyane anakana kupereka anthu othawira kwa iye, ndipo ici cinakhala cifukwa ca nkhondo. Ankhondo ace anagonja ku Coolela mu November, ndipo pa 28 December 1895 Mouzinho de Albuquerque anamgwira ku Chaimite. Iye pamodzi ndi Nwamatibyane anatengedwa kunka ku Lisbon, ndi pambuyo pace ku zisumbu za Azores, kumene Ngungunyane anamwalira mu 1906.

Motero mwini wa KaMpfumo anacotsedwa pa nthaka yace, ndipo mu 1898 likulu la dziko lonse linasamutsidwa kucoka pa cisumbu ca Mozambique kudza ku Lourenço Marques. Likulu linakhala kumapeto kweni kweni kwa dziko, kutali ndi Tete, Quelimane ndi Niassa, koma pafupi ndi Joni, cifukwa cuma cinali kumeneko.

MZINDA WA SIMENTI NDI MZINDA WA BANGO

Migodi inafuna manja, ndipo dooko linafuna katundu. Pa zinthu ziwiri izi maboma awiri anapangana. Bungwe lolemba anthu a nchito za m'migodi, limene anthu a ku Malawi ndi Zambia analidziwa bwino ndi dzina lakuti Wenela, linaloledwa kulemba amuna a kumwera kwa Mozambique, ndipo m'malo mwace gawo la katundu wa ku Joni linayenera kudzera pa dooko la Lourenço Marques. Pangano lina la maboma awiriwo linati gawo limenelo lisacepere 47.5 pa 100 ali onse a katundu wolowa kucokera kunyanja. Caka ndi caka amuna zikwi zambiri anakwera sitima napita ku migodi kudzera pa Ressano Garcia, ndipo boma linalandira ndalama pa mutu wa munthu ali yense. Kunena zoona, misewu yotakata ya mzindawo, ndi nyumba yokongola ya sitima imene inatha kumangidwa mu 1916, zinalipiridwa ndi thukuta la amuna amenewa.

Mzindawo unali pawiri. Kumtunda kopita mphepo, moyang'ana nyanja, kunali mzinda wa simenti, wa misewu yoongoka yobzalidwa mitengo ya maluwa, mmene munali kukhala Apwitikizi ndi alendo ena. Kuseri kwace kunali mzinda wa bango, ndiwo Mafalala, Xipamanine, Chamanculo ndi midzi ina, kumene anthu akuda anamanga nyumba za bango ndi malata, zopanda madzi kapena ngalande. Munthu wakuda anali kulowa m'mzinda wa simenti kukagwira nchito, atanyamula citupa, ndipo usiku sanali kuloledwa kuyendamo popanda cilolezo. Wopezeka wopanda nchito yolembedwa anali kugwidwa cibalo, mau amene Aronga ndi Anyanja amawadziwa cimodzimodzi, nakasenza katundu pa dooko kapena kukonza misewu ndi malipiro ocepetsetsa. Wofuna kumasuka ku malamulo amenewa anayenera kuonetsa kuti amalankhula ndi kulemba Cipwitikizi, ndi kuti wasiya miyambo ya makolo ace. Oterewa anali kuchedwa asimilado, ndipo anali owerengeka. Malamulowa anafafanizidwa pa pepala mu 1961.

Koma m'mzinda wa bango momwemo ndimo munabadwa mau otsutsa. João Albasini ndi mbale wace José anayambitsa nyuzi ya O Africano, ndi mu 1918 ya O Brado Africano, zolembedwa m'Cipwitikizi ndi m'Cironga, zimene zinadzudzula cibalo poyera. Olemba ndakatulo José Craveirinha ndi Noémia de Sousa anakhala ku Mafalala, ndipo Eusébio, katswiri wa mpira, anabadwira komweko mu 1942. Sukulu nazonso zinacitapo kanthu. Mishoni ya ku Switzerland inali kuphunzitsa ana m'cinenero cao, cinthu cimene boma linali kuciyang'ana ndi diso loipa, ndipo mmodzi wa ana ace, Eduardo Mondlane, anathandiza kuyambitsa bungwe la ana a sukulu za sekondale m'mzindamo mu 1949. Ambiri a m'bungwelo anadzakhala atsogoleri pa nkhondo ya ufulu.

TSIKU LA 3 FEBRUARY 1976

Cipani ca FRELIMO cinapangidwa ku Dar es Salaam pa 25 June 1962, Mondlane nakhala mtsogoleri wace, ndipo nkhondo inayamba pa 25 September 1964. Inamenyedwa kumpoto, ku Cabo Delgado ndi Niassa, ndi pambuyo pace ku Tete, kumene ankhondo ambiri anali kulowa kudzera m'Zambia. Ku Lourenço Marques sikunamveke mfuti za nkhondoyo. Mondlane anaphedwa ndi bomba lobisika m'phukusi pa 3 February 1969, ndipo Samora Machel ndiye anadzatenga utsogoleri. Pa 25 April 1974 asilikari a ku Portugal, atatopa ndi nkhondo za m'Afrika, anagwetsa boma lao ku Lisbon. Pa 7 September caka comweco pangano lopereka ufulu linasainidwa mu Lusaka. Tsiku lomwelo azungu ena a ku Lourenço Marques analanda nyumba ya wailesi pofuna kukana panganolo, koma patapita masiku owerengeka anagonja, anthu ambiri atafa pa cipolowe. Ufulu unalengezedwa pa 25 June 1975 m'bwalo la masewera la Machava, ndipo Apwitikizi ambiri anacoka m'dzikomo.

Kuti dzina la mzinda lidzasinthika, anthu onse anadziwa. Ambiri anayembekeza kuti dzina la Mpfumo ndilo lidzabwerera, ndipo nyuzi zina za kunja zinayamba kale kulemba Can Phumo, monga momwe azungu anali kulimvera. Koma pa 3 February 1976, tsiku lokumbukira imfa ya Mondlane, Machel anauza msonkhano waukulu kuti mzindawo udzachedwa Maputo, ndipo lamulo lace linatsimikizidwa pa 13 March. Pa msonkhano womwewo analengezanso kuti nyumba zonse za lendi zalowa m'manja mwa boma, ndipo anthu a m'mzinda wa bango anayamba kulowa m'mzinda wa simenti.

Nanga cifukwa ninji Maputo? Mtsinje wa Maputo sudzera m'mzindamo konse. Umathira m'nyanja kutsidya, kumwera kwa thamanda lija. Koma pa zaka zonse za nkhondo mfuu ya FRELIMO inali yakuti Mozambique ndi mmodzi kuyambira ku Rovuma kufikira ku Maputo, ndiko kunena kuti kuyambira mtsinje wa m'malire a Tanzania kufikira mtsinje waukulu wotsiriza kumwera. Wankhondo wa Cimakonde, wa Ciyao kapena wa Cinyanja, amene sanaonepo mzindawo, dzina la Maputo analidziwa pamtima. Dzina la Mpfumo linali la fuko limodzi, ndipo atsogoleri atsopano anali kuopa tsankho la mitundu ngati moto, m'dziko la zinenero zambiri limene malire ace anajambulidwa ndi alendo. Ndiponso iwo anali kuyesa mafumu zipangizo za boma la atsamunda, popeza Apwitikizi anali kutuma mafumu kusonkhetsa msonkho ndi kugwira anthu a cibalo, ndipo boma latsopano linawacotsera mphamvu. Dzina la Xilunguine silikadatheka, pakuti likulu la dziko la ufulu silikadachedwa kumalo kwa azungu. Cotero dzina lacinai silinabweze mzindawo kwa mwini nthaka wakale, koma linaupereka kwa mtundu watsopano umene unali usanaumbike bwino lomwe.

Komabe pali cinthu cimodzi cozizwitsa. Mtsinjewo unatenga dzina lace kwa mfumu Maputo, wa mbumba ya Tembe, amene anakuza ufumu wace ndi malonda a minyanga m'zaka za m'ma 1700. Pothawa dzina la mfumu imodzi ya Aronga, boma linasankha dzina la mfumu inzace ya tsidya lina.

ZIMENE ZINASINTHIKA NDI ZIMENE ZINATSALA

Maina a misewu anasinthika pamodzi ndi la mzinda. Msewu wa Pinheiro Chagas unakhala wa Eduardo Mondlane, wa António Enes unakhala wa Julius Nyerere, ndipo wina unapatsidwa dzina la Kenneth Kaunda pokumbukira thandizo la Zambia. Fano la Mouzinho de Albuquerque ali pa kavalo, limene linaimikidwa mu 1940 pa bwalo lalikulu la mzinda, linatsitsidwa mu 1975, ndipo tsopano liri m'kati mwa linga lakale. Pa bwalolo paima fano la Machel. Mu 1985 bokosi la maliro a Ngungunyane linabwera kucokera ku Portugal, nilandiridwa ndi ulemu waukulu. Matauni enanso analandira maina atsopano: Vila Pery anakhala Chimoio, Vila Cabral anakhala Lichinga, Porto Amélia anakhala Pemba, ndipo Vila Coutinho wa ku Angonia anakhala Ulongué. Zambia anacita comweco atalandira ufulu mu 1964, pamene Fort Jameson anakhala Chipata, Broken Hill anakhala Kabwe, ndi Abercorn anakhala Mbala, cinkana Livingstone anasungidwa.

Koma zakale sizinathe zonse. Msewu wa 24 de Julho unachedwa cotero pokumbukira ciweruzo ca MacMahon ca 1875. Zinangocitika kuti pa 24 July 1975, patapita zaka 100 zeni zeni, boma latsopano linatenga sukulu ndi zipatala kukhala za boma, ndipo msewuwo unasunga dzina lace, tanthauzo lokha ndilo linasinthika. Dzina la MacMahon linacotsedwa pa bwalo la kutsogolo kwa nyumba ya sitima, koma likali pa botolo la mowa wochuka wa m'dzikomo, wochedwa 2M. Tsiku la cikondwerero ca mzinda likali 10 November, tsiku lija la mu 1887, ndipo mlatho waukulu woolokera ku Katembe unatsegulidwa pa tsiku lomwelo mu 2018.

Ndipo maina a eni nthaka anabwerera potsiriza. Patapita zaka zoposa 30, zigawo za mzindawo, zimene zambiri mwa izo zinali kudziwika ndi manambala okha, zinapatsidwa maina a Cironga, monga KaMavota, KaMubukwana, KaTembe ndi KaNyaka. Cigawo ca pakati, ndico mzinda wa simenti uja, mmene muli linga lakale, nyumba ya sitima ndi maofesi a boma, cimachedwa KaMpfumo.

Tsono mwana uja wa mapu awiri ayenera kuuzidwa kuti dzina la pa mapu limasonyeza amene anali ndi mphamvu ya kulemba pa nthawi imene mapuwo anasindikizidwa, ndi kuti pansi pace pamakhala maina ena amene anthu sanaleke kuwachula. Lourenço Marques linali dzina la wamalonda amene sanamange mzindawo, ndipo linakhala pa mapu zaka zoposa 400. Maputo ndi dzina la mtsinje umene sudzera m'mzindamo, ndipo linasankhidwa kuti ligwirizanitse anthu a zinenero zambiri. Mzindawo lero uli ndi anthu oposa 1,000,000, ndipo wolembera kalata mnzace wokhala pakati pace amalemba maina awiri pa envulopu, KaMpfumo pamwamba ndi Maputo pansi pace.